Gwedeza ndi Mafuta a Nangondo

Ana inu, takhalani pansi, musamangotakataka ngati nkhuku. Mukuti madzi ndi mafuta sizigwirizana? Ndiye kuti simunamve za Nangondo.

Nangondo anali namwali wodziwa kukonza mafuta odzola. Ankasungunula phula la njuchi m'mafuta a nsatsi, n'kumadonthezamo chidulo pang'onopang'ono uku akutakasa. Chidulo chikakumana ndi phula, madzi ndi mafuta zinkagwirana osalekananso. Pomaliza ankathiramo madzi otelera a therere kuti zilimbe. Akaiwala chidulo, mafuta ankayandama okha. Akaiwala therere, zonse zinkangoyenderera m'manja.

Tsiku lina kunafika Gwedeza, mnyamata wodzafunsira mbeta, ndipo anapeza Nangondo akutakasa. Madzi akuda a chidulo aja ndi mafuta achikasu anaziona zikusanduka zoyera mbee, pamaso pake penipeni! Anangoti kukamwa yasa.

Komatu Gwedeza anali wodzimva, kufunsa ankakuyesa kudzitsitsa. A Chimtengo, amalume ake a Nangondo, ataona mapazi a mlendo atang'aluka ndi ulendo, anati, "Iwe Nangondo, tawapatsako zako zija." Namwaliyo anagwada n'kuika kambale ka mafutawo pafupi ndi mbatata zootcha zimene mlendo ankadya.

Fungo lake ngati uchi! Gwedeza anasunsa mbatata, n'kumeza. Anasunsanso kawiri. Phula linazizira m'kamwa, n'kumata mano ndi lilime lomwe.

"Mayo ine! Mwadya?" anafuula Nangondo. "Amenewotu ndi odzola kumapazi!"

Palibe anaseka. A Chimtengo anayang'ana kambale kaja, kenako anati, "Bambo, kusadziwa si mlandu, ifenso tinachita kufunsa. Koma munthu woopa kufunsa za m'kambale, mwana akadzadwala adzafunsa yani njira ya kwa sing'anga? Mbumba yanga sindingakupatseni."

Gwedeza anabwerera kwawo yekha. Nangondo analira kuseri kwa nkhokwe, pakuti anali atamukonda kale, ndipo ine ndikaganiza zimenezi chisoni chimandigwira.

Apa ndi pamene panachokera mwambi woti, "Safunsa anadya phula." Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chachilendo, ngakhale chikongole chotani, uyambe wafunsa eni ake usanachigwire. Manyazi a kufunsa amatha tsiku lomwelo. Gwedeza anasunga mawu atatu okha, akuti "Kodi ichi n'chiyani?", nataya mkazi.