Tsiku Limene Bokosi Linaiwala

Pa fakitale ina ya tiyi, kumapiri a kummwera uko, panali munthu wina wa zamagetsi, dzina lawo a Mulipa. Anali achikulire, osayankhulayankhula, anthu aja oti ukawafunsa funso amayamba apukuta kaye m'manja. Ntchito yawo yaikulu inali kusamala bokosi limodzi lotuwa limene linali m'kabati yachitsulo pafupi ndi makina oumitsira tiyi. Amisiri amalitcha PLC. Bokosi limeneli ndilo linkalamula makinawo: kutentha kufike pati, lamba wonyamula masamba ayende liwiro lanji, mota iti iyambe, iti idikire. Linali lakale zedi. Amene analemba pulogalamu ya m'kati mwake anabwerera kwawo kunja a Mulipa asanamere imvi, ndipo buku lake linali m'chiyankhulo chimene pafakitalepo panalibe wochiwerenga.

Apa mumvetse bwino. Bokosi lakale chotere limakumbukira pulogalamu pokhapokha ngati muli mphamvu m'kati mwake. Magetsi akazima, kabatire kakang'ono ngati chala ndiko kamagwirizira. Ukachotsa kabatireko, magetsi ndiwo amagwirizira. Ziwirizi zikachoka pamodzi bokosi limaiwala, ndipo likaiwala ndiye kuti laiwaliratu.

Chaka china kunabwera mkulu watsopano wa amisiri, a Likoswe. Anali munthu wophunzira, wolongosoka pantchito, ndipo sindikuwanyoza ayi. Koma kumene ankagwira kale anaberedwa mawaya ndi anthu omwe ankaseka nawo tsiku lililonse, ndiye mtima wawo unazolowera kukayika. Wina akawapatsa moni mwansangala, iwo ankayamba kudzifunsa kuti ameneyu akufuna chiyani.

Sipanapite mwezi, diso lawo linakhazikika pa a Mulipa. Kiyi wa kabati ankakhala m'thumba mwa a Mulipawo, ngakhale kumaliro ankapita naye. Makina akaima, amisiri ena ankazungulira ola lathunthu kufunafuna vuto, koma a Mulipa ankangotsegula kabati, kuyang'ana tinyali ta pabokosi, n'kunena kuti ndi swichi ya pa chitseko chachitatu. Akapitako ankapezadi kuti ndi yomweyo. Anzawo ankati ndi luso, poti tinyalito timasonyeza swichi imene yayankha ndi imene yakhala chete. A Likoswe ankaona zina. Munthu angadziwe bwanji pamene pawonongeka asanafikepo, ngati si iye mwini wawononga? Iwo anatsimikiza mumtima kuti mkuluyu akudwalitsa dala makina kuti azioneka wofunika.

Mu Januwale, mvula ili pachimake ndipo mathirakitala akubweretsa masamba usiku ndi usana, kanyali kofiira kanayaka pabokosi paja. Kankatanthauza kuti kabatire katsala pang'ono kutha. A Mulipa anapita ku ofesi, chipewa m'manja.

"Bwana, kanyali ka batire kaja kayaka. Ndimapempha jenereta ilire mphindi khumi zokha, ndisinthe."

"Jenereta? Magetsi alipo chonchi?"

"Angazime ndili pakati, bwana."

"Ndiye mukuti mukufuna kupisa manja m'kabati magetsi ali oyaka?"

"Pa kabatire kokhako timatero. Mukazimitsa, liiwala."

"Zalembedwa pati zimenezo?"

A Mulipa anapukuta m'manja. "Mwina m'buku muja. Ine ndinangoonera kwa amene anandiphunzitsa."

A Likoswe anati aganizire kaye, ndipo anaganiziradi, koma njira imodzi yokha. Woyendetsa jenereta anali mlamu wa a Mulipa, ndipo dizilo amadziwika kuti sakhalitsa m'thanki. Lamulo la ntchito nalonso linali kumbali yawo: zimitsa, khoma loko, ndiye ugwire. Nkhani ya kuiwalayo inkamveka ngati zoopsezera ana kuti asayandikire kabati. Komanso, anatero mumtima, ngati bokosi lingaiwaledi, munthu wochenjera ngati uyu sangakhale zaka zonsezi osakopera pulogalamuyo n'kuibisa kunyumba. Likapanda kuiwala, bodza laonekera. Likaiwala, chobisika chija chituluka. Konsekonse ankaona kuti wopambana ndi iwo.

M'mawa mwake a Likoswe anatuma a Mulipa kutauni pa lole kuti akatenge mafyuzi, n'kuwauza kuti asiye kiyi. Mkuluyo anayang'ana kiyi, anayang'ana bwana wake, kenako anaika kiyiyo patebulo. Ali pakhomo anatembenuka.

"Chonde, bwana, mundidikire."

Mawu amenewo kwa a Likoswe anali umboni winanso. Lole itangotuluka pageti, anaimitsa makina, anazimitsa magetsi a kabati, anakhoma loko monga anaphunzirira. Anachotsa kabatire kakale n'kupita nako kosungira katundu kuti akafananize ndi katsopano. Sanafulumire. Atabwerera anaika katsopanoko, anachotsa loko, anayatsa. Tinyali tinayaka bwinobwino. Anadina batani loyambitsira makina.

Lamba sanagwedezeke. Anadinanso, anazimitsa, anayatsanso, anayeza mawaya limodzi ndi limodzi. Chilichonse chinali chamoyo, koma bokosi linali ngati munthu wodzuka kuchipatala wosadziwa dzina lake. Kunja mathirakitala anapitiriza kubwera. Masamba amene anali atapotedwa kale, ongodikira kuumitsidwa, anayamba kuda, ndipo pofika masana fungo lowawasa linali litadzaza fakitale yonse.

A Mulipa anafika cha m'ma 3 koloko. Fungo lija linawauza zonse asanatsike n'komwe mu lole. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakabati, pamene a Likoswe anaima thukuta lili kamukamu.

"Munazimitsa, bwana?"

"Ndinazimitsa. Tsopano masewera atha, a Mulipa. Pitani mukatenge pulogalamu imene mumasunga. Sindikufunsani kuti munaibisiranji."

"Pulogalamu iti?"

"Musandichedwetse. Tiyi akuwola."

Mkuluyo anakhala pa chitini cha girisi. "Bwana, za m'kati umo ine sindinazionepo ndi maso. Kamakina kolowera nako m'bokosimo kanafa ndisanapatsidwe kiyi ameneyu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ntchito yanga inali imodzi yokha, kuti lisaiwale."

A Likoswe anawayang'anitsitsa pankhope kufunafuna bodza. Miyezi yonseyi ankalifuna bodzalo kuti amugwire munthu. Tsiku limeneli ankalifuna kuti liwapulumutse, ndipo analakalaka ndi mtima wonse kuti mkuluyu akanakhala wakuba. Koma pankhope ya a Mulipa panali chisoni chokhachokha.

Makina oumitsira anakhala masabata asanu osalira. Othyola tiyi anauzidwa kuti adikire kunyumba, masamba n'kumakhwimira m'munda. Kenako kunabwera injiniya wochokera kutali, amene anachotsa bokosi lakale lija, anaika lamakono n'kulemba pulogalamu kuyambira pachiyambi. Bokosi latsopanolo silinkafuna wolisamala chotero, ndipo a Mulipa anapatsidwa kalata yopumira. Nkhani imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikamaikamba, chifukwa palibe tsiku limene munthuyo anaba ngakhale waya wautali ngati dzanja.

Tsono inu amene mukuphunzira ntchitoyi, mawa mudzapeza makina obadwa inu musanabadwe, ndi anthu amene akalamba nawo. Lamulo lozimitsa magetsi ligwireni, limapulumutsa manja ndi moyo, ndipo musakanene kuti ine ndinakuuzani zina. A Mulipa nawonso sindiwasiya osawadzudzula. Zaka zonsezo akanalemba mizere iwiri pa chitseko cha kabati, kapena kukhala pansi ndi anzawo n'kuwafotokozera, nkhani ino sikanakhalapo. Chimene mukudziwa muzichilemba pamene wina angachiwerenge.

Koma chachikulu ndi ichi. Mtima ukayamba kukayikira munthu, chilichonse chimene wachita umachisandutsa umboni. Akadziwa ntchito, ndiye kuti wawononga yekha. Akakhala chete, akubisa. Akakupemphani kuti mumudikire, ali ndi mantha. Mukaona kuti mwafika pamenepo, dzikayikireni inuyo poyamba. Munthu akakuuzani chinthu chachilendo, mufunseni mpaka mumve, funsaninso wina wodziwa, pezani wokuwerengerani bukulo. Ndipo ngati mwatsimikiza kuti mumuyese mnzanu kuti muone ngati akunama, musamuyese ndi chinthu chimene chikawonongeka simungathe kuchibweza.