Mwala wa Pachinkhoswe

Panali munthu wina m'dera la Chinamwali amene anaumba mwala. Unali mwezi wa Ogasiti, kutatsala milungu itatu kuti pakhomo pake pachitike chinkhoswe cha mwana wake wamkazi.

Pabwalo pake, patsinde pa mtengo wa mango, panali dzenje lolandira zonyansa za m'chimbudzi, ndipo chivundikiro chake chinali chitasweka. Sanafune kuti alendo achione. Anapinda waya wa khola la nkhuku, naukuta ndi ziguduli zoviika m'simenti, namata ndi manja kawiri. Simenti isanaume anajambulapo ming'alu ndi msomali. Anathirira sabata yathunthu, kenaka anapaka katondo ndi makala opera. Mwalawo unakhala pamwamba pa dzenje ngati unabadwira pomwepo.

Oyandikana naye ankaima pampanda kuusirira. Wina anayamba kunena kuti unabwera pa lole kuchokera kuphiri, ndipo mwini wake sanatsutse. Mbiriyo inkamukomera.

Tsiku la chinkhoswe dzuwa linaswa mtengo. Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wathupi woyendera ndodo, anasiya mpando wake padzuwa nalunjika kumthunzi.

"Achimwene, mpando weniweni ndi uwu," iye anatero, akusisita mwalawo. "Ife akumapiri timapumira pa zotere."

Anatembenuka kuti akhalepo.

Pa anthu onse aja, woumba yekha ndiye ankadziwa kuti simentiyo kuchindikala kwake sikunapose chala chimodzi. Mwina ikanapirira, mwina ayi. Akanatha kungoyang'ana kumbali. Koma anaimirira.

"Pepani bambo, musakhalepo. Si mwala umenewo. Ndi waya ndi ziguduli, ndinaumba ndekha. Pansi pake pali dzenje la chimbudzi."

Nkhoswe ija inagogoda mwalawo ndi ndodo, ndipo unalira ngati chigubu chopanda madzi.

"Aaa! Ndiye kuti ine ndikanalowa m'banja lino kudzera pansi?"

Amayi onse anaseka mpaka kugwira nthiti. Woumba uja, nkhope ili pansi, anakatenga mpando naupereka yekha kwa mlendo wake. Mwambo unapitirira, ndipo nkhoswe inabwerera kwawo ndi zovala zoyera. Anthu a m'deralo anamuseka woumbayo kwa milungu ingapo, kenaka anapeza nkhani zina.

Inu amene mukumva, kukongoletsa malo si mlandu, ndipo palibe amene amayala zonyansa zake pamaso pa alendo. Koma chimene munapanga kuti chingooneka, tsiku lina wina adzafuna kuchitsamira, poyesa kuti n'cholimba: mwina ndi luso limene anthu amati muli nalo, mwina ndi lonjezo limene munalankhula mongosangalatsa. Nenani asanakhalepo. Amene amadziwa kuti m'kati ndi mphako ndi inu nokha.