A Nguluwe ndi Madzi a Kalongonda

Sunthirani kuno ana inu, mvula ikukudontherani. Akuluakulu nanunso musanamizire kusinza, nkhaniyi ndi yanu.

Kalekale, nyama zikadalima minda ndi kufunirana chaka chabwino, m'mphepete mwa dambo lina munali banja la agologolo. Mwamuna anali Gologolo, mkazi wake anali Nankhoma, ndipo ana anali mbwee, owerengeka pokhapokha akagona. Gologolo anali wabwino mtima, koma anali ndi nthenda imodzi: malonjezo a chaka chatsopano. Chaka china analumbira kuti wasiya kuliza mkonono, ndipo anasiyadi mpaka tulo titamugwira. Chaka china anati azidzuka tambala asanalire. Tambala analira, natopa, napita kukadya, mkuluyo ali m'bulangete.

Chaka chimene ndikunenachi kunatulukira a Nguluwe, chimimba chili patsogolo, eniake akubwera pambuyo. Anali atadya zonse za kwawo, ndi mbewu yomwe. Ena njala ikawagwira amaonda, koma a Nguluwe inawapatsa ulaliki. Patsiku la chaka chatsopano anakwera pachitsa nayamba kufuula.

"Alamu anga nonse, mwalemedwa!" A Nguluwe ankatchula aliyense kuti mlamu, poti mlamu sam'mana chakudya. "Chaka chino tikhale moyo wopepuka. Chimene simunachigwire dzulo ndi lero, n'chinyalala. Nkhuni pamoto, imodzi yokha. Madzi, osataya ngakhale dontho. Zokulemerani bweretsani kwa ine, ndikakutayirani. Msana wanga ndi waukulu, ndadzipereka."

Mawuwo anali abwino, ine sindikana. Nyumba ya Gologolo inalidi yodzaza: madengu obooka, makasu opanda mipini, ndi nsapato imodzi imene palibe ankadziwa mwini wake. Gologolo anathamangira kwawo, mchira uli m'mwamba. Nankhoma anali kumunda kukapalira. Mwamunayo anatuta, natuta, natutanso. Pomaliza anaona mbiya kuseri kwa chitseko, yomata ndi dothi kukamwa.

"Iyi tinaigwira dzulo? Ayi. Nanga lero? Ayi." Anaigubuduza gubudu gubudu mpaka kwa a Nguluwe.

Nankhoma pobwera anaima pakhomo nawomba m'manja. "Eee! Kodi m'nyumba muno munali malo chonchi?" Anaseka, anakondwadi. Koma atasuzumira kuseri kwa chitseko, kuseka kunathera pomwepo. Pafumbi panangotsala mzere wozungulira.

"Abambo, mbiya ija ili kuti?"

"Tapepukidwa nayo, amayi."

M'mbiyamo munali mbewu ya nzama ndi khobwe, yosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Nankhoma anaitenga kwa mayi ake, ndipo chaka chilichonse ankadzala ndi kusungako ina. Nthawi yodzala inali yomweyo. Mvula imeneyo ikangowapitirira, ana mbwee aja akanadya chiyani? Nankhoma anakhala pansi nalira, ndipo misozi sanaibise.

Atapukuta m'maso anapita kwa a Nguluwe.

"Alamu, pakati pa zinyalala zija panalowa mbiya ya mbewu. Ndabwera kudzaitenga."

"Pepani alamu, zonse ndinaponya kuphompho. Chotayidwa sichibwerera. Limbani mtima, moyo wopepuka umayamba ndi kaululu pang'ono."

Akulankhula choncho, mphuno yawo inali mbuu ndi phulusa. Nankhoma anaona. Anadziwa kuti mbiya yatsegulidwa, anadziwanso kuti mbewu ikadalipo, chifukwa nzama youma ndi yolimba ngati miyala, ndipo a Nguluwe chibadwire sanaphikepo. Iwo ankangofika pakhomo pa munthu mbale zikutsika. Tsono mbiyayo anaibisa kuti? Apo ndiye panali nkhani.

"Mwanena zoona alamu," anatero Nankhoma. "Mawa mubwere kwathu, mudzatiphunzitse kuphika mosawononga. Ndili ndi kalongonda pang'ono patsindwi."

A Nguluwe malovu anati chuu. Kalongonda anali atamudyapo m'makomo mwa anthu, koma kaphikidwe kake sanakaonepo. Inu ana a lero mwina simukumudziwa. Ndi nyemba zikuluzikulu zija zofuna kuphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Madzi akada umataya, n'kuthira ena, akadanso umatayanso. Ukachita ulesi, mutu umazungulira kuposa wa munthu wa kachasu.

Kutacha, a Nguluwe anafika mame asanaume, nakhala pafupi ndi mafuwa ngati mwini khomo. Mphika unawira, thabwa thabwa thabwa, madzi anati bii. Nankhoma anautenga kuti akatsanule.

"Mukupita nawo kuti madziwo?"

"Kukataya, alamu. Kalongonda amafuna choncho."

"Kutaya? Chaka chino? Pamaso panga? Bwezerani pamoto!"

Nankhoma anabwezera. Patapita kanthawi anatola nkhuni kuti asonkhezere.

"Imodzi yokha, ndinatero!"

"Alamu, ndikukuuzani poyera, ana awa ndi mboni. Kalongonda wosataya madzi ndi woopsa."

"Zimenezo ndi zachikale. Ndi zimene zakusaukitsani. Phulani, wapsa."

Gologolo anatambasula dzanja kuti alaweko. Mkazi wake anamuponda mchira, fwa! "Abambo, mwaiwala? Lonjezo lathu chaka chino ndi kudya pang'ono. Ife ndi ana tidya mawa. Alendo ndiwo ayambe."

Aka kanali koyamba kuti lonjezo la Gologolo lisungidwe. A Nguluwe sanadikire kukakamizidwa. Analowetsa mutu wonse mumphika, kukutu kukutu, chifukwa kalongondayo anali asanafewe n'komwe. Atatha anapendeketsa mphika, namwa madzi akuda aja, gwa gwa gwa, osatsala ngakhale dontho.

"Mwaona? Palibe chatayika," anatero, nageya.

Sipanatenge nthawi. Diso limodzi linayang'ana kudambo, lina kuphiri. Anayesa kuimirira, dzandi. Anayesanso, dzandi dzandi, khuu!

"Alamu, ndani akuzunguza nyumbayi?"

"Si nyumba yokha ayi," anatero Nankhoma, atakumbatira mzati ngati nayenso akugwa. "Dziko lonse lapendekeka! Ana, gwirani zipande! Abambo, gwirani chitseko! Chilichonse chopanda wochigwira chikugubuduzika kupita kudambo!"

Ana aja analikonda kwambiri sewero limeneli. Anayamba kudzigwetsa ndi kukuwa, wina atagwira lichero, wina atagwira mwendo wa mnzake.

"Mwayi wanu alamu," anapitiriza Nankhoma, "inu mulibe kanthu koti kagubuduzike. Zonse munaponya kuphompho."

A Nguluwe makutu anati njo. "Mbiya zanga! Mayo, mbiya zanga zikuthawa!"

Anatuluka liwiro la munthu woledzera, mapazi awiri kutsogolo, limodzi kumbali. Nankhoma anali pambuyo, ndi mwamuna wake, ndi ana mbwee. Nungu atamva phokoso anatsatira, Nkhanga anatsatira, ngakhale Kamba anati ameneyu ndimupeza, poti lero tikuyenda mofanana. A Nguluwe anazungulira mtengo umodzi kangapo, naupepesa, kenako anakafika kuseri kwa chulu. Anakankha masamba a nthochi ndi mphuno, nadzigwetsa padzenje, miyendo yonse atatambasula.

"Musathawe, ana anga, bambo wanu ndafika!"

Anthu inu, m'dzenjemo munali zinthu! Chinangwa chouma cha Nungu, mawere a Nkhanga, nthanga za maungu za Kamba, ndi mbiya ya Nankhoma, dothi lake litaswedwa koma mbewu ili momwemo. Nankhoma anapisa dzanja, naimva ikulira tsekete tsekete m'phulusa, ndipo mtima wake unakhala pansi.

A Nguluwe anali atayamba kale mkonono. Anawagubuduzira pambali, aliyense natenga mbewu yake. Gologolo anayamba kutolanso madengu obooka aja.

"Siyani abambo," anatero Nankhoma. "Pa zimenezo alamu ananena zoona. Anadzipereka okha, msana wawo ndi waukulu."

Anawaunjikira pamsana madengu, makasu opanda mipini, ndi nsapato ija pamwamba ngati chipewa. Tsiku lomwelo banja lonse linalowa m'munda kukadzala, ndipo mvula inagwa bwino mbewu ili m'nthaka. Nyumba inakhala yopepukadi. Madzi otsukira ankathirira ndiwo, nkhuni ankasonkha zokwanira mphika, koma kalongonda ankamutaya madzi monga kale. Gologolo atati ayambe lonjezo lina, mkazi wake anamuthandiza kusankha: chilichonse chomata ndi dothi, ayambe wafunsa.

A Nguluwe anadzuka mutu ukuwawa, osakumbukanso kuti chulu chija chinali chiti. Mpaka lero mukawaona akufukula m'minda ya anthu ndi mphuno, akufunafuna mbiya zija.

Ndiye inu amene mwalumbira zambiri chaka chino, tayani zokulemerani, n'zabwino ndithu. Koma wina akakuuzani kuti tulani katundu, yambani mwayang'ana kuti dengu limene lili pansipo ndi la yani. Nthano yanga yathera pamenepa, mvula nayo yakata. Wina akaone mbatata ija paphulusa isanasanduke khala.