Chipinda Chimene Chinkamveka Bwino M'kati

Panali munthu wina, amayi anzanga, amene anali ndi nyumba ya mpanda m'tauni. Dera lonse linkamudziwa kuti ndi bambo waulemu. Pakagwa zovuta, galimoto yoyamba kufika inkakhala yake, ndipo dzina limenelo ankalisamala kuposa galimotoyo.

Koma bamboyu ankakonda mpira. Anapatula chipinda chimodzi, nagula kanema wamkulu ngati chitseko ndi masipika ofika m'chiuno. Atayatsa, sanakondwe. Mawu ankagunda khoma n'kubwerera, woulutsa mpira n'kumamveka ngati akulankhulira mumgolo. Ine zimenezi ndimazidziwa, poti sayansi ndinaikhoza bwino ku sekondale, ndiponso pabalaza panga ndi pa matailosi, si pa simenti wamba ayi. Chipinda cha makoma osalala chimabweza mawu.

Tsono anayamba kuchiveka chipindacho. Pansi anayala kapeti. M'makoma anamata siponji ya matiresi, ndipo pamene siponji inaperewera anakhomapo mathireyi a mazira. Pazenera anapachika makatani olemera. Atamaliza anaima pakati n'kuwomba m'manja, phokoso n'kufera pomwepo. Anauza mkazi wake kuti chipindacho tsopano chikumeza mawu onse, moti ngakhale wina ataliza ng'oma m'menemo palibe angamve. Koma kutuluka kuti akamvetsere ali kumpanda, sanatuluke. Za malata a padenga sanaziganizire, ngakhalenso timabowo tolowera mpweya pamwamba pa zenera.

Sabata yomweyo, bambo Kachingwe a nyumba yoyandikana nayo anamwalira.

Mwambo wathu mukuudziwa. Masamba akangoikidwa pamsewu, wailesi za m'nyumba zapafupi zimazimitsidwa, ndipo ngakhale ana amauzidwa kuti azisewerera kutali. Bambo uja anachita zonse zoyenera. Anakatenga thupi kuchipatala, anabweretsa nkhuni, anakhala pabenchi pamodzi ndi amuna anzake. Mkazi wake anali kwa amayi, atakhala pamphasa pambali penipeni pa mayi Kachingwe, akuwagwirira phewa.

Koma tsiku loika maliro linali lomwelo la mpira womaliza wa chikho.

Mwambo wa mapemphero utayamba pabwalo, bamboyo anagwira pamimba, nanong'oneza mnzake kuti m'mimba mwamuvuta. Mnzakeyo anamumvera chisoni n'kumupatsa njira. Iye analowa kwake, natseka chitseko cha chipinda chija, nakoka makatani. Ndipo poti ankadziwa kuti palibe angamve, anakweza mawu mpaka pamapeto. M'katimo zinkamveka bwino zedi, ngati ali pabwalo la mpira lenilenilo.

Kuseri kwa mpanda, mkulu wa mpingo anali atamaliza kuwerenga mbiri ya malemu, napempha anthu kuti aweramitse mitu. Kunali zii. Pamenepo malata a nyumba ija anayamba kunjenjemera. Panamveka mavuvuzela, panamveka khamu likuimba, woulutsa mpira akutchula osewera mmodzimmodzi. Mkulu wa mpingo anakweza mawu, mpira n'kumuposa. Kenaka panamveka mawu amene aliyense ankawadziwa, a bambo wodwala m'mimba uja, akukuwa chigoli ndi mphamvu zake zonse.

Palibe anaseka. Zikanakhala bwino wina akanaseka. Amuna anayang'ana nsapato zawo. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mkazi wake. Iye kudzuka sakanatha, chifukwa namfedwa anali atamutsamira. Anangokoka chitenje n'kuphimba nkhope, nalira kulira kumene sikunali kwa maliro.

Mpira utatha, bambo uja anatuluka akuyenda mowerama, dzanja lili pamimba. Amuna anasendera n'kumusiyira malo pabenchi, malo aakulu kuposa amene munthu mmodzi amafuna. Kumanda anapita nawo, dothi anaponya nawo, osadziwa chilichonse.

Atabwerako, anapita kukatsanzika namfedwa monga amachitira anansi. Anagwada pakhomo n'kupepesa ndi mawu achifatse. Mayi Kachingwe anamuyang'ana nati:

“Zikomo bambo, mwatigwirira ntchito. Nanga m'mimbamo mwaleka?”

“Mwayamba kuleka, mayi.”

“Tithokoze Mulungu. Koma mutiuzeko, anapambana ndani? Ife kuno tinangomva chigoli chimodzi, chinacho chinatipita tikuimba nyimbo.”

Bamboyo anayang'ana mkazi wake, mkaziyo n'kuyang'ana kukhoma. Anadzuka osadziwa kuti manja awaike pati, nadutsa pakati pa amayi onse aja, ndipo palibe anamusunthira mwendo.

Galimoto yake sinaleke kufika pa zovuta, ndipo anthu sanaleke kuikwera. Koma mlendo akafunsa nyumba ya mpanda ija, sankanenanso kuti ndi kwa bambo waulemu. Ankati ndi kwa aja a mpira pa maliro.

Tsono mverani, amayi. Ine sindilankhula zinthu zimene sindinaziganize. Bamboyu sanatseke phokoso ayi. Anangokonza kuti lizimukomera iye m'makutu, n'kumayesa kuti poti kwa iye zili bwino, kwa enanso kuli bata. Ifenso timatero. Timadzizungulira ndi anzathu otivomereza chilichonse, amene mawu athu akawagunda sabwerera. Timanena za apongozi, za mkazi wa m'busa, za mwana wa mnzathu amene watenga mimba, n'kumati zathera momwemo. Kenaka Lamlungu timabwera titamanga duku, nkhope ili yachisoni, tikudabwa kuti bwanji pabenchi atisiyira malo aakulu chotere.

Musanakweze mawu m'nyumba mwanu, tulukani kaye, mukaime pamene mnzanu waima, mumve zimene iye akumva.