Galu Womangidwa ndi Kamphaka Kamasiye

Panali munthu wina, mlimi wa kumapiri, amene ankadziwikanso ndi luso lokumba mbewa. Akangomaliza kukolola, ankanyamula khasu ndi chibonga n'kulowa m'minda, galu wake ali patsogolo. Galuyo anali wamkazi, wofiirira, ndipo dzina lake linali Mukanene. Dzinalo anamupatsa pofuna kulasa anansi amiseche, paja kwathu kuno zimene munthu akuopa kunena pamaso amaitanira nazo galu.

Mukanene anali katswiri. Ankanunkhiza una n'kudziwa ngati muli mbewa kapena mwangotsala fungo. Mbuye wake akamakumba, iye ankadikira potulukira, ndipo mbewa ikangosuzumira kunja, zake zinkathera pomwepo. Zonsezi anamuphunzitsa ndi mwini wakeyo kuyambira ali wamng'ono: kalikonse kakang'ono, kaubweya, kolira ndi mawu opyapyala, n'koluma pakhosi. Munthuyo ankanyadira galu wake, ndipo ankamutama paliponse pamene amuna akhala.

Chaka china, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, Mukanene anaswa ana asanu pansi pa nkhokweyo, onse aakazi. M'mudzimo munali chizolowezi choipa, ndipo ndichitchula kuti n'choipa ngakhale ena mwa inu mwayamba kale kuyang'ana pansi. Tiagalu tatikazi sitinkafunidwa, ati timadzachulukitsa agalu pakhomo. Komanso galu woyamwitsa sapita kosaka, pamene nyengo ya mbewa siidikira munthu. Choncho tsiku lina m'mawa munthu uja anatsekera Mukanene m'khitchini, anaika tiana tonse m'thumba, n'kutsetserekera kumtsinje. Anabwerako thumba lili lopinda m'khwapa. Sanadzione ngati walakwa. Bambo ake ankatero, anansi ake ankatero.

Atamutsekulira, Mukanene anathamangira pansi pa nkhokwe. Anafunafuna kuseri kwa bafa ndi kukhola la mbuzi, anatsata fungo mpaka kumtsinje, n'kubwerako. Kenaka anagona pabwalo, mutu uli pa miyendo. Mbuye wake atamuimbira likhweru kuti apite kumbewa, sanadzuke.

Pakhomopo panalinso vuto la makoswe. Chaka chapitacho anadya chimanga mpaka banjalo linayamba kugona ndi njala Januwale asanathe. Misampha ankaizemba. Mankhwala atathira anapha nkhuku ziwiri, makoswe ali phee. Chimene chinkafunika ndi mphaka, koma m'mudzi monsemo munalibe.

Patatha masiku anayi, mkazi wa munthuyo, Nachisale, anapita kukacheza kwa mng'ono wake kuseri kwa phiri. Kumeneko anapeza kuti mphaka wa mng'ono wakeyo wafa atalumidwa ndi njoka, n'kusiya ana atatu. Awiri anali atafa kale. Kotsalako Nachisale anakafungatira pachifuwa m'chitenje, n'kubwera nako.

"Bambo, ndakubweretserani mlonda wa nkhokwe," anatero akumasula chitenje.

Kamphakako kanali kotuwa, kokwana m'dzanja limodzi. Maso kanali katangotsekula kumene, ndipo kakayesa kuyenda kankagwa.

"Mlonda wake ameneyu?" anaseka mwamunayo. "Khoswe mmodzi akhoza kumunyamula kukadyetsa ana ake ngati ndiwo."

Koma atakalandira anasiya kuseka. Anamva kamtima kake kakugunda pachikhatho, mofulumira, ndipo anakakonda nthawi yomweyo. "Kakangokhala moyo aka," anatero, "chaka chino chimanga chathu tidya tokha."

Apo kamphaka kanalira. Mukanene, amene kwa masiku anayi sanafune n'kudzuka komwe, anadzambatuka. Makutu anaima, thupi lonse likunjenjemera, ndipo anabwera chothamanga. Kunjenjemera kumeneko mbuye wake ankakudziwa, chifukwa ankakuona tsiku lililonse pa una wa mbewa. Anakweza kamphaka m'mwamba, anakankha galu ndi phazi, n'kukamumangirira ku mtengo wa mango ndi chingwe cha mbuzi. Kamphaka anakagoneka pa chiguduli pafupi ndi mafuwa, anakavundikira ndi dengu, n'kutsamiritsapo mwala.

Anthu awiriwa anayesetsa, zimenezo tisawamane. Nachisale anaphika phala lamadzimadzi, kamphaka sikanalinyambite. Anasinja usipa n'kusakaniza, kanatembenuza mutu. Mwamunayo anakama mbuzi n'kuyesa kukamwetsa ndi sipuni, mkaka unatulukira m'mphuno, kanatsala pang'ono kutsamwa. Anang'amba kansanza, kukaviika mumkaka n'kukaika pakamwa pake. Kanayamwa madontho awiri kapena atatu n'kusiya. Kanali kasanafike poti n'kudya kokha. Ndipo unali mwezi wa Juni, mphepo ya kumapiri ikulowa mpaka m'mafupa. Moto ukangozirala pang'ono, kamphaka kankanjenjemera n'kuyamba kulira.

Kakalira, Mukanene ankayankha. Ankakoka chingwe mpaka khosi linasupuka. Ankakanda pansi mpaka anakumba dzenje patsinde pa mango. Chakudya akamuponyera sankachiyang'ana. Maso ake anali pa chitseko cha khitchini basi. Mbuye wake ankatuluka ndi kamtengo n'kumukwapula. "Ukufuna undidyere mlonda wanga, mfiti iwe? Ugona pomwepo mpaka akule!"

Tsiku lachiwiri Nachisale anaima pakhomo n'kumamuyang'ana galuyo nthawi yaitali.

"Bambo, akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe," anatero. "Kulira uku ine sindikukumva ngati kwa kosaka ayi."

"Galuyu ndinamuphunzitsa ndine, Nachisale. Ndimamudziwa kuposa inu." Kenaka anawonjeza motsitsa mawu: "Komanso ali nane chifukwa. Akangokapeza, abwezera."

Mwamva? Munthu amene ankati sanalakwe, mumtima ankadziwa kuti pali choti galu angabwezere. Chingwe chija sanachimange chifukwa cha mano a Mukanene okha. Anachimanganso chifukwa cha thumba lija, ndipo nkhaniyo anaitsekera pomwepo.

Tsiku lachitatu kutacha, m'khitchini munali zii. Nachisale anachotsa mwala n'kuvundukula dengu. Kamphaka kanali katagona cham'mbali, kamimba katalowa m'kati, miyendo ili yozizira ngati mwala wa kumtsinje. Kankapuma, koma munthu ankachita kuyang'anitsitsa kuti aone. Anakaika kansanza ka mkaka pakamwa, sikanatsekule. Nachisale anapukuta misozi ndi chitenje.

"Aka sikafika masana," anatero mwamunayo. Chisoni chinamugwira, ndipo sanafune kuti kafere m'manja mwa mkazi wake. Anakanyamula ndi dzanja lamanzere, anatenga khasu ndi lamanja, n'kunyamuka kupita kuseri kwa khola kuti akakumbiretu kadzenje.

Njira yake inkadutsa pa mango paja. Mukanene sanauwe. Anali atagona pothera chingwe, chingwecho chili chokokeka, mphamvu zitamuthera. Munthu uja akudutsa anaona mzere wa nyerere ukuchokera ku udzu kulunjika pamene panali galuyo. Anautsata ndi maso. Nyererezo zinkasonkhana pa timadontho toyera m'fumbi. Anayang'ana galu wake, ndipo anaona chimene kwa masiku atatu sanachione, ngakhale ankabwera pomwepo kudzamukwapula. Mawere a Mukanene anali otupa, olimba, ndipo mkaka unkadontha wokha.

Munthuyo anaima. Chimene iye ndi mkazi wake ankachifuna ndi sipuni ndi nsanza chinali chikutayika m'fumbi, mapazi makumi awiri kuchokera pakhomo la khitchini, nyerere zikumwa. Ndipo amene anachimangirira kumtengo anali iye mwini.

Komabe mantha sanachoke. Mano aja ankawadziwa. Anawaona akuthyola makosi a mbewa zosawerengeka. Ngati akulakwitsa, kuluma kumodzi kokha kukanakwana. Anaika khasu pansi. Anagoneka kamphaka pa masamba ouma, patali pang'ono ndi pothera chingwe. Anatola kamtengo kamene ankakwapulira galu kaja, kuti zikavuta alanditse. Anakayang'ana kamtengoko, manyazi anamugwira, ndipo anakaponya kutali. Mfundo ya chingwe inali italimba ndi kukoka kwa masiku atatu, sinatheke kumasula. Anasolola mpeni m'thumba n'kudula.

Mukanene anadzuka mopepesuka. Anayang'ana mbuye wake kamodzi kokha, osadzuma, osagwedeza mchira. Kenaka anapita pa kamphaka paja. Anakanunkhiza kuyambira kumutu mpaka kumchira, n'kuyasamula kukamwa.

"Mayo ine!" anakuwa Nachisale ali pakhomo, atagwira kumaso.

Mano aja anatseka pakhosi pa kamphaka. Koma anatseka ngati mmene munthu amagwirira dzira. Galuyo anakanyamula, miyendo yake ikulendewera, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kudutsa pabwalo, mutu uli m'mwamba kuti kasakhudze pansi. Analowa nako pansi pa nkhokwe, pa kadzenje kamene anaswerapo ana ake, n'kudzipinda mokazungulira.

Mwamuna ndi mkazi anatsatira n'kugwada kuti aone. Mukanene anali akukanyambita mwamphamvu, kumsana, kumimba, kumaso, mpaka kamphaka kankagubuduzika. Kanali lobodo, kosaonetsa moyo. Iye sanasiye. Dzuwa linakwera mpaka kufika pamwamba pa khola, nkhuku zinabalalika kukasaka chakudya, anthu awiri aja ali chigwadire. Kenaka panamveka kamawu kakang'ono kwambiri, kochepa kuposa ka mwanapiye. Mukanene anakakankha ndi mphuno kufikitsa pamimba pake. Kamutu kanafufuza uku ndi uku, n'kupeza. Timiyendo takutsogolo tinayamba kukanya pamimba pa galu, ndipo galuyo anatsitsa mutu pansi, anatseka maso, n'kupuma mpweya wautali.

Munthu uja anavula chipewa osadziwa kuti wavula. Anachita mantha a mtundu wina, ngati amene munthu amakhala nawo akazindikira kuti waima pamalo oyera. Pa zonse zimene anaphunzitsa galu ameneyu, ichi panalibe. Sanadziwe kuti chachokera kuti, koma anadziwa kuti si kwa iye.

"Nachisale," ananong'ona, "ine ndinamulanda asanu. Ndamumanga, ndamukwapula. Taonani zimene akundichitira."

"Khalani chete, bambo," anayankha mkaziyo, misozi ikutsika. "Mungawasokoneze."

Kamphakako kanakhala moyo. Kanayamwa kwa Mukanene mpaka kanayamba kudya kokha, ndipo pofika nyengo ya mvula makoswe anali atasamuka. Chaka chimenecho munthu uja anapita kumbewa yekha, ndipo sanadandaule.

Tsopano inu amene mwandimvera, musafulumire kunena kuti fanizoli ndi la agalu. Pakamwa timadziwa kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pano wachita zimenezo ndi galu, ife anthu tili chigwadire kuonerera. Mlengi anaika mwa zolengedwa zake chifundo chimene ife sitinabzale, ndipo ngakhale tichipondereze chotani sichiuma msanga. Ine zimenezi zimandichititsa mantha, ndiponso zimandipatsa chiyembekezo.

Ambiri a ife tili ndi munthu amene tinamumangirira kutali. Mwina ndi m'bale, mwina mpongozi, mwina mkazi amene tikugona naye nyumba imodzi. Timati ndi woopsa, timati timamudziwa bwino. Koma dzifunseni moona mtima: kodi mukumuopa chifukwa cha zimene anakuchitani, kapena chifukwa cha zimene inu munamuchita? Nthawi zambiri amene tinamulakwira ndi amene timamuopa kwambiri. Ndipo pamene mukuvutika nokha m'nyumba ndi chinthu chimene chikukuferani m'manja, mwina thandizo lake lili kwa iyeyo, likungotayika m'fumbi.

Sindikulonjezani kuti aliyense womasulidwa sadzaluma. Munthu uja nayenso analibe chitsimikizo pamene ankasolola mpeni. Koma akanadikira kuti mantha athe kaye, akanakumba kadzenje kuseri kwa khola. Pitani lero lomwe mukadule chingwecho, chimene mwanyamula m'manjacho chikadapuma.