Ndime Imene Olemekezeka Anadumpha

Olemekezeka a Jafali Mtalika anafika pa mzikiti wa kwa Namiyala Lachitatu madzulo, fumbi la galimoto yawo likugwera m'mabeseni a amayi ogulitsa mandasi. Anamenyetsa chitseko, nyuzipepala itapindidwa m'manja ngati chikwapu, nalunjika pakhonde pamene Shehe Abasi Malindima ankasoka chikuto cha buku la ana a madarasa, sukulu ya pamzikitipo.

Chimene chinawapsetsa mtima chinali ichi. A Mtalika anali phungu wa deralo, ndipo kwa zaka ziwiri anakhetsera thukuta lamulo lina. Lamulolo linkalola boma kutenga madimba a m'mbali mwa mitsinje n'kuwapereka kwa olima nzimbe akuluakulu, popanda kuyamba lamva eni ake. Iwo ankati kudzabwera ntchito, magetsi ndi msewu wa tala, ndipo mwina sankanama. Aphungu anavota, lamulo linadutsa. Koma mayi wina wamasiye wa komweko, Abiti Saizi, amene dimba lake la mpunga linali loyamba kutengedwa, anakadandaula kukhothi. Oweruza atatu anati lamulolo likusemphana ndi Konsitichushoni, malamulo aakulu a dziko, pakuti munthu salandidwa chake asanamvedwe. Lamulo linagwa, dimba linatsala. Mpunga wa mayi mmodzi kugwetsa ntchito ya aphungu onse! A Mtalika akangoziganiza, chakudya sichinkatsika.

"Assalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Olemekezeka. Khalani pamkekapo, mwayenda ulendo."

A Mtalika sanakhale. Mkwiyo sudziwa mkeka.

"Shehe, inu ndinu mphunzitsi wanga. Alifu ndi bee ndinaphunzira pakhonde lomwe lino. Ndiuzeni ngati ndikulakwa. Ine anthu anaima pamzere, dzuwa likuswa mtengo, kundivotera. Anzanga onse chimodzimodzi. Nanga oweruzawa anawasankha ndani? Anapita mudzi uti kukapempha voti? Anakhalapo pamaliro a ndani kuno? Anthu atatu a mikanjo, kufafaniza ndi cholembera chimene aphungu oposa zana anagwirizana! Ndiye ife timakatani kumeneko, kukafunditsa mipando?"

"Ndamva," anatero Shehe, akudula ulusi ndi mano. "Nanga ine ndingakuthandizeni chiyani?"

"Ziwiri zokha. Lachisanu pa khutuba, ulaliki wanu uja, muwauze anthu kuti makhothi akuwalanda mphamvu, kuti Lolemba tikachite zionetsero. Ine ndikukonza lamulo lina, loti khothi lisamakhudzenso chimene aphungu avomereza. Chachiwiri, Abiti Saizi muwaitane, muwalangize asiye zamakhothizi. Inu amakumverani."

Apa m'pamene panagona nkhani. Mawu a Shehe kwa Namiyala sankagwa pansi. Akanangoti ee, Abiti Saizi akanasanduka mdani wa mudzi wonse, ndipo mayi wamasiye salimbana ndi mudzi kwa nthawi yaitali. Dimba likanapita, pamodzi ndi chakudya cha ana ake anayi. A Mtalika ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti sanachite nazo manyazi. Munthu kubwera kudzabwereka pakamwa pa mphunzitsi wake kuti akalumire wamasiye!

Shehe anayang'ana kumadzulo. "Mwafunsa zazikulu, ndipo dzuwa lalowa. Tiyeni tiyambe taswali."

Adhana yoitanira ku mapemphero itamveka, anthu anasonkhana kudzaswali Magharibi, swala ya dzuwa litalowa, amuna kutsogolo, amayi kuseri kwa nsalu. Shehe anakhosomola nati, "Abale, mawu anga asasa ndi chimfine. Atitsogolere ndani lero?"

"Olemekezeka! Atsogolere Olemekezeka!" anayankha onse.

Kaya Shehe ankadziwa chimene chidzachitike, kaya ayi, akudziwa ndi Mulungu. Koma a Mtalika mtima unayamba kutsikako. Si izi, anthu awasankhanso, popanda ndi kampeni yomwe. Anaima kutsogolo, nakonza chisoti, nayamba kuwerenga mokweza. Mawu anali nawo okoma, zimenezo palibe angawalande. Koma pakamwa panali pa swala, mtima uli kukhothi, ndipo pakati pa sura, chaputala cha buku loyera, anadumpha ndime yathunthu osazindikira.

Anthu makumi anayi anangoti zii. Ena sanadziwe, ena anadziwa koma anaopa. Kumapeto kwa mzere woyamba kunaima Che Mataula, nkhalamba yokhoma ndowa pamsika, ya maso osaona bwino, imene inasunga Msahafu wonse, buku loyeralo, pamtima. Mwa mwambo wa swala, imamu akalakwitsa kuwerenga, wodziwa amene ali pambuyo pake amamukumbutsa. Che Mataula anatchula ndimeyo momveka, kamodzi kokha, nakhala chete.

A Mtalika anaima kaye, nabwerera pamene anadumpha, naiwerenga ndimeyo bwinobwino mpaka swala inatha.

Anthu akutuluka, iwo anabwerera pakhonde nkhope itagwa, ndipo ulendo uno anakhala pamkeka. Manyazi anali atasanduka mkwiyo wina.

"Mkulu ameneyu sakanatha kudikira? Kundiyalutsa pamaso pa anthu anga!"

"Pepani, Olemekezeka," anatero Shehe. "Ndiloleni ndikufunseni, popeza ukalamba umandiiwalitsa. Anakusankhani ndani kuti mutsogolere swala?"

"Anthu onse. Munamva nokha."

"Nanga Che Mataula anawasankha ndani?"

"Palibe."

"Amene anakhala chete anali angati?"

"Mzikiti wonse."

"Ndiye munabwereranji? Inu osankhidwa, makumi anayi ali mbali yanu, munamvera bwanji wokhoma ndowa mmodzi wopanda voti?"

A Mtalika anapukusa mutu. "Shehe, musandikole. Sindinamvere Che Mataula. Ndinamvera Msahafu. Iwo sananene zawo, ananena zolembedwa."

"Mwayankha bwino. Ndipo atakukumbutsani, anakukankhani n'kuima kutsogolo okha?"

"Ayi."

"Akanatero, ndikanawakoka malaya ine ndemwe. Kutsogolo n'kwanu, anthu anakupatsani. Kusankha sura n'kwanu, yaitali kaya yaifupi, ndipo ngati Che Mataula saikonda, zawo zimenezo. Woweruza amene afuna kukulemberani malamulo chifukwa anuwo samukomera, ameneyo wachoka pamzere wake, ndipo tsiku limenelo mudzabwere, khutuba ndidzakupatsani. Koma kodi atatuwa anati nzimbe n'zoipa? Anati msewu usabwere?"

"Sanatero," anavomera a Mtalika monyinyirika. "Anati eni madimba ayambe amvedwa."

"Ndiye anangotchula ndime."

A Mtalika anadzuka theka, magazi atabwereranso kumutu. "Koma Shehe, musafanizire zinthu zosafanana! Msahafu ndi mawu a Mulungu. Konsitichushoni analemba ndi anthu ngati ine. Ndipo oweruza nawo amalakwa!"

"Zoona zonsezo, Mulungu atikhululukire tikazifananiza. Che Mataula nawonso amalakwa. Chaka chatha anandikumbutsa ndime imene sindinadumphe. Titamaliza tinatsegula Msahafu, anaona, napepesa. Inunso muli ndi khothi lalikulu kuposa ilo, pitani mukatsegule buku kumeneko. Ndipo popeza bukulo analemba ndi anthu, lili ndi njira yake yolisinthira, yovuta mwadala, yochitikira poyera. Itsateni ngati muli ndi mtima wouza anthu kuti mukufuna azilandidwa madimba asanamvedwe. Koma inu simunapemphe zimenezo. Mwapempha kuti nditseke pakamwa pa wokumbutsa."



"Tsiku limene munalowa ntchito ya uphungu," anapitiriza Shehe modekha, "tinakuonerani pa kanema kusitolo kwa Che Wadi. Munanyamula Msahafu m'dzanja lamanja, munalumbira kuti mudzasunga malamulo aakuluwo. Tinawomba m'manja, ine ndinagwetsa misozi. Anthu sanakusankheni kuti muziwerenga za m'mutu mwanu, mwana wanga. Anakusankhani kuti muziwatsogolera m'buku limene munalumbirira."

Pa nthawi imeneyo amayi anali kutuluka pakhomo lawo la kumbali. Womaliza anali mayi wowonda, wa mpango wakuda, matope a kudimba adakali m'mphepete mwa chitenje. Anagwada patali, napereka salamu kwa onse awiri, nanyamuka. A Mtalika anamuzindikira, ndipo anayang'ana pansi.

"Abiti Saizi aswali pambuyo panu lero," anatero Shehe. "Mutawerama anawerama, mutagwada anagwada. Sanakane kuti ndinu mtsogoleri wawo, ndipo voti yawo inali yanu, anandiuza okha."

"Ndiye Lachisanu mudzanena chiyani, Shehe?" anafunsa a Mtalika, mawu atatsika.

Shehe anatola singano ndi buku lawo lija.

"Ndidzanena zimene mwationetsa inu madzulo ano, ndipo ndidzakuyamikirani. Imamu akathamangitsa womukumbutsa saleka kulakwitsa ayi, amangolakwitsa pamodzi ndi mzikiti wonse, popanda wodziwa. Muno munadumpha ndime, munakumbutsidwa, munabwerera, ndipo palibe anakuchotsani kutsogolo. Ku nyumba ya malamulo munadumphanso ndime, Olemekezeka. Ndimeyo ndi mayi amene wapita apoyo. Bwererani pamene munadumpha, mukaiwerenge."