Nalimata ndi Selo ya Chigumu

Kalekale, nyama zisanataye mabuku, patsinde pa mlambe panali sukulu ya sekondale. Sunthirani kuno ana inu. Nanunso akuluakulu musanamizire tulo, mwina nkhaniyi ikukhudzani.

Mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo anali Nalimata, kamayi kakang'ono kotha kulemba pabolodi kali chadodolido. Mkulu wa sukuluyo anali Njiri. Mimba yake inali ngati nkhokwe, koma m'mutu munali mbee!

Ana a Fomu 3 phunziro la selo linkawazunguza mutu. "Madamu," ankadandaula, "kanthu kosaoneka ndi maso kangakhale bwanji ndi ziwalo?"

Tsono chaka chilichonse Nalimata ankaphika chigumu chachikulu ngati lichero kuti chiimire selo. Ndipo chaka chilichonse, ana asanatsegule n'komwe makope, Njiri ankatulukira.

"Ndabwera kudzayendera zipangizo zophunzitsira," ankatero. Kenako bwiri! Kukutu, kukutu! Selo yonse psiti!

Ana ankalakwa mayeso, n'kulakwanso. Mapeto ake kunabwera kalata yochokera kwa akuluakulu a maphunziro: ana akalakwanso chaka chino, Nalimata ntchito yatha.

Zinamuwawa mtima Nalimata, poti ntchitoyo ankaikonda. Anakhala pakhoma akuganiza. Kenako anamwetulira. "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha," anadziuza. Anakazinga tizitumbuwa tisanu ndi tiwiri, ndipo m'kati mwa kalikonse anafinyiramo tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja.

Lolemba m'mawa chigumu chinali patebulo, tizitumbuwa tija tili pamwamba pake. Nalimata anaphunzitsa mwaliwiro, diso limodzi lili kukhomo.

"Tsamba la nthochi lakutira chigumuli ndi membuleni, mlonda wosankha zolowa ndi zotuluka. Gologolo, dzira lili pakatili n'chiyani?"

"Ndiwo, madamu!"

"Ndiwo kwanu! Iyi ndi nyukiliyasi, yolamula zonse. Mtedzawu ndi maitokondiriya, mophikidwira mphamvu. Chitowe ndawazachi ndi maraibosomu, opanga mapuloteni. Tsono tizitumbuwati..."

Gu! Gu! Gu! Njiri uja wafika, dovu lili chuchuchu.

"Ndabwera kudzayendera zipangizo zophunzitsira. Nanga tofiirira tonunkhirati n'chiyani?"

Nalimata anagwira m'manja mwaulemu. "Ahedi, amenewo ndi malaisosomu. Chonde, ngati n'kudya idyani zinazo, koma amenewo okha asiyeni."

"Chifukwa?"

"Ntchito yawo m'selo ndi yogaya alendo olowa osaitanidwa. Sakuyenerani, bwana."

"Ohoo! Zokomazo wasungira ana, ine undipatse zouma?"

"Ndikunena zoona, ahedi. Zalembedwa m'buku."

"Buku? Ine ndinamaliza mabuku iwe usanamere mchira!"

Anawolera tizitumbuwa tonse tisanu ndi tiwiri, n'kuponya m'kamwa kamodzi. Tafu! Tafu! Tafu lachitatu silinatheke. Njiri anaima njo! Maso anatuzuka, misozi mbwembwembwe, makutu akugwedezeka okha.

"Mayoo! Moto! Madzi! Ndani wakoleza ng'anjo m'kamwa mwanga?"

"Ana inu, lembani," anatero Nalimata, choko chili m'manja. "Laisosomu yakumana ndi mlendo. Onetsetsani mmene ikugwirira ntchito."

Ana analemba, mapewa akunjenjemera ndi phwete. Njiri anagwada pansi, n'kumakwecha mlomo m'dothi, kwee, kwee! Dothi silinathandize. Anadzambatuka, n'kuwomba chitseko, liwiro la mtondo wadooka kulowera kudambo, mchira uli neng'a m'mwamba.

M'kalasi munatsala chigumu chathunthu, kwa nthawi yoyamba. Ana anachizungulira, aliyense akuloza chiwalo n'kutchula ntchito yake. Wokhoza ankapatsidwa chiwalocho kuti adye. Gologolo anakhoza nyukiliyasi, ndipo dzira linakhaladi ndiwo yake.

Mayeso atafika, panali funso lakuti: fotokozani ntchito ya laisosomu. Ngakhale Kamba, amene ankalemba dzina lake lokha mpaka belu kulira, anadzaza tsamba lonse, n'kujambulanso chithunzi cha ahedi. Ana onse anakhoza, ndipo Nalimata ntchito yake inapulumuka.

Njiri sanapondenso m'kalasimo. Mpaka lero amadya chogwada, akukwecha mlomo pansi, poti kuwawa kuja sikunathe bwinobwino.

Nthano yanga yapsa, iphuleni isanyeke. Koma mukadzakumana ndi wadyera, musavutike n'kumunamiza. Ingomuuzani zoona mwaulemu, bodzalo adzadzipangira yekha.